Ndinafunsa mtundu wake, mwana wa mlongo wanga anayankha kuti "Black"

Funso: Mlongo wanga anapita ku America mu 2009 ndipo ana ake anabadwira komweko. Chaka chatha anabwera kudzationa ndi mwana wake woyamba, mnyamata wa zaka 14. Tili pakhonde, agogo ake anamufunsa moseka kuti, "Kodi iwe ndiwe mtundu wanji?" Mwanayo anayankha kuti, "Ndine Black." Tonse tinaseka, koma ine usiku umenewo tulo sindinatione. Ife ndife Achewa, mfunda tili nawo, ndipo mwinimbumba ndine. Kodi kumeneko mitundu kulibe? Nanga anthu amakhala bwanji kopanda mudzi ndi mfumu? Kapena mlongo wangayu walekerera mwana? Ndine wowerenga wa ku Dedza.

Yankho: Amalume, mlongo wanuyo musamuimbe mlandu. Mnyamatayo anayankha funso limene amafunsidwa kumene anabadwira, osati limene agogo ake anafunsa. Kwathu kuno mawu akuti mtundu ndi thumba lotengera zonse: Mchewa ndi mtundu, mzungu ndi mtundu, Mmalawi ndi mtundunso. Ku America thumbalo analing'amba pakati. Mbali imodzi amaitcha race, ndiye khungu ndi maonekedwe. Mbali inayo amaitcha ethnicity, ndiye kumene makolo ako anachokera, chilankhulo chawo, ndiwo zawo ndi miyambo yawo. Agogo anafunsa mbali yachiwiriyi. Koma imene munthu amakumana nayo tsiku ndi tsiku kumeneko, imene imalemera pamapewa, ndi yoyambayo.

Ndinakhalako zaka zingapo ndikuphunzira ndi kuphunzitsa za kakhalidwe ka anthu, ndipo fomu yoyamba imene ndinalemba kuchipatala ndimaikumbukirabe. Pansi pa dzina ndi tsiku lobadwa panali timabokosi toti uchonge: White, Black or African American, Asian, American Indian or Alaska Native, ndi Native Hawaiian or Other Pacific Islander. Pambali panali funso lina lapadera lofunsa ngati ndiwe Hispanic, kutanthauza wa makolo ochokera kumaiko olankhula Chisipanishi, kapena ayi. Pabenchi pomwepo panali mayi wina wa ku Jamaica ndi bambo wina wa ku Ethiopia. Sitinkamvana chilankhulo cha makolo, zakudya zathu n'zosiyana, mwina ngakhale Mulungu timamupembedza mosiyana, koma tonse atatu tinachonga kabokosi kamodzi. Mwana wa mlongo wanu amamuchongera kabokosi kameneko kuyambira tsiku limene anamulembetsa sukulu ya mkaka.

Kabokosiko kali ndi mbiri yake, ndipo ndi mbiri yowawa. Kalembera woyamba wa dzikolo, wa mu 1790, anagawa anthu motere: azungu aufulu, anthu ena aufulu, ndi akapolo. Anthu a ku Africa amene anatsitsidwa m'zombo kumeneko, pafupifupi 388,000, sanali mtundu umodzi. Munali Aigbo, Aakan, Awolof, Amandinka, Akongo ndi ena ambiri, aliyense ndi mfunda wake ngati mmene inu mulili ndi wanu. Eni minda ya fodya, mpunga ndi thonje anawasakaniza, anawapatsa mayina achizungu, ndipo mwana ankatha kugulitsidwa kutali ndi mayi wake. Pofika 1860 akapolo anali pafupifupi 4 miliyoni, ndipo ochepa kwambiri ndi amene akanatha kutchula mudzi wa agogo awo.

Pali lamulo limodzi limene inu ngati mwinimbumba lingakukhudzeni. Mu 1662 dera la Virginia linakhazikitsa kuti mwana azitsata mayi wake. Mukamva choncho mungati ndi chikamwini chathu chomwechi, choti mwana ngwa kuchikazi. Koma kwathu kutsata mayi kumapatsa mwana munda, mfunda ndi malume. Kumeneko kutsata mayi kunkatanthauza kuti mayi akakhala kapolo, mwananso ndi katundu wa mbuye, ngakhale bambo wake atakhala mbuye yemweyo. Kuchokera pamenepo munakula ganizo lakuti dontho limodzi la magazi a munthu wakuda limakusandutsa wakuda. Homer Plessy, amene mlandu wake wa mu 1896 unapatsa mphamvu tsankho la m'sitima ndi m'malo ena onse, anali woyera kwambiri moti mwa makolo ake asanu ndi atatu a m'badwo wachitatu, mmodzi yekha ndiye anali wakuda. Anamangidwabe chifukwa chokhala m'chipinda cha azungu. Mpaka 1967 madera ena ankaletsa ukwati wa mzungu ndi wakuda, kufikira khoti lalikulu litathetsa lamulolo pa mlandu wa banja la a Loving. Ndipo Barack Obama, mwana wa bambo wa ku Kenya ndi mayi wachizungu wa ku Kansas, pa kalembera wa 2010 anachonga kabokosi ka Black kokha, ngakhale kuti kuyambira 2000 munthu amaloledwa kuchonga mabokosi angapo.

Tsono musaganize kuti mawu akuti Black ndi chigoba chopanda kanthu, dzina la khungu basi. Apa m'pamene a kwathu ambiri amalakwitsa. Anthu amene analandidwa mitundu yawo anaumba mtundu watsopano pamalo pomwepo, ndipo ndi mtundu weniweni, wokhala ndi zonse zimene mtundu umakhala nazo. Uli ndi mipingo yake: Richard Allen, amene anabadwa kapolo n'kudziwombola yekha, anatuluka m'tchalitchi cha azungu ku Philadelphia chifukwa cha tsankho, ndipo mu 1816 mpingo wa African Methodist Episcopal (AME) unakhazikitsidwa. Uli ndi sukulu zake zaukachenjede monga Howard, Tuskegee, Morehouse ndi Spelman. Uli ndi kalankhulidwe kake, maimbidwe ake, ndi tsiku lake lachikumbutso, la 19 June, lokumbukira mmene akapolo a ku Galveston ku Texas anauzidwira mu 1865 kuti ndi mfulu. Tsikuli linasanduka tchuthi cha dziko lonse mu 2021.

Mnzanga wina wa kuntchito, wakuda wa komweko, anandiitana ku msonkhano wa pachaka wa banja lawo. Anthu anali oposa 100, onse atavala malaya ofanana olembedwa dzina la agogo awo aakazi amene anasiya kalekale. Ena anayenda pagalimoto tsiku lathunthu kuchokera ku Chicago ndi ku Detroit kubwerera kum'mwera kumene makolo awo anachoka. Pakati pa 1910 ndi 1970 anthu akuda pafupifupi 6 miliyoni anathawa kum'mwerako kupita kumizinda ya kumpoto ndi kumadzulo, ndiye misonkhano yotereyi ndi njira yawo yoti mbumba isamwazike. Nditayang'ana patebulo ndinaseka ndekha: panali therere, khobwe, mbatata, masamba onga chomoliya ophikidwa mpaka kufewa, ndipo m'mawa mwake anatipatsa phala la misere. Gogo wina wa zaka zopitirira 80 anaimirira n'kuyamba kutchula mayina a makolo mmodzimmodzi, ana atakhala pansi phee. Anafika pa dzina lina n'kuima. Kuseri kwa dzinalo kunalibenso wina wodziwika, chifukwa mabuku a eni minda ankalemba akapolo ngati ziweto. Inu mukatchula mfunda wanu, mukutchula chinthu chimene gogo ameneyu akanapereka chilichonse kuti achidziwe.

Ndipo mtundu umenewu si wachilendo kwa ife. John Chilembwe atapita ku America mu 1897 anakaphunzira ku seminale ya anthu akuda ku Lynchburg ku Virginia, ndipo atabwerera mu 1900, amene anamuthandiza kumanga Providence Industrial Mission ku Mbombwe ku Chiradzulu anali Abaptisti akuda a National Baptist Convention. Kamuzu Banda anayambira ku Wilberforce ku Ohio, sukulu ya mpingo wa AME uja, ndipo udokotala anautenga mu 1937 ku Meharry ku Nashville, sukulu ya madokotala akuda. Nthawi imene zitseko zambiri zinali zotseka kwa munthu wakuda, amene anatsekulira ana athu anali iwowa. Mnyamata wanu akati ndine Black, akudziika m'gulu la anthu amene analandira Chilembwe.

Azungu nawo ali ndi mitundu, kungoti kwa iwo nkhaniyi inatha mosiyana. Anthu a ku Ireland amene anathawa njala ya mbatata kuyambira 1845 anafika ali amphawi, Akatolika m'dziko la Apulotesitanti, ndipo ankanyozedwa koopsa. A ku Italy anaona zomwezo. Mu 1891 gulu la anthu linapha Ataliyana 11 ku New Orleans. Aliyense anamanga dera lake, parishi yake, ndi bungwe lake lothandizana pa matenda ndi maliro. Koma patapita mibadwo itatu khungu linawatsekulira khomo: anasamukira kumadera abwino, anakwatirana ndi azungu ena, ndipo mu 1960 John F. Kennedy, wa magazi a ku Ireland, anasankhidwa kukhala pulezidenti. Lero mdzukulu wawo amakhala wa ku Ireland pa 17 March, tsiku la Patrick Woyera, nyengo imene a ku Chicago amathira utoto wobiriwira mumtsinje wawo, ndipo pa 18 March amangokhala mzungu wamba. Mtundu wake ndi chovala cha pa chikondwerero, akafuna avala, akafuna apachika. Mwana wa mlongo wanu angathe kuvala ndi kuvula Uchewa motero, koma khungu sangalivule.

Ndikuchenjezeniponso za mawu akuti tribe. Mnyamatayo akanena kusukulu kuti tribe yake ndi Chewa, anzake amva zina. Kumeneko mawuwa ndi a eni nthaka amene azungu anawapeza, ndipo mitundu yawo yoposa 570 imazindikiridwa ndi boma ngati maboma aang'ono. A Navajo ali ndi pulezidenti wawo, makhoti awo ndi apolisi awo, pamalo aakulu kuposa theka la dziko la Malawi. Ukhala membala polembedwa m'kaundula, osati pongonena.

Mlongo wanu ali m'gulu lina, la obwera posachedwa. Lamulo la 1924 linkakondera anthu a kumpoto kwa Ulaya ndipo linatsekera a ku Asia ndi a ku Africa pafupifupi kotheratu. Linasinthidwa mu 1965, chaka chimodzi pambuyo pa lamulo lalikulu lothetsa tsankho limene anthu akuda analimenyera nkhondo m'misewu, ena kutaya nalo moyo. Kenako kunabwera lamulo la othawa kwawo la 1980, ndi la 1990 limene linayambitsa lotale ya green card, chilolezo chokhazikika m'dzikolo. Bungwe lofufuza la Pew linapeza kuti mu 2019, mwa anthu akuda 10 alionse m'dzikolo, mmodzi anabadwira kunja. Ndiye mukafika ku Minneapolis mupeza Asomali ndi misika yawo, ku Washington ndi madera ozungulira mupeza a ku Ethiopia, ku Houston a ku Nigeria, pa msewu wa 116 ku Harlem a ku Senegal. A kwathu ndi ochepa ndipo ndi omwazika, ngakhale ku South Bend ku Indiana kuli kagulu koti ukafika pa ukwati umamva Chichewa mbali zonse.

Tsono funso lanu lachiwiri, loti anthu amakhala bwanji kopanda mudzi ndi mfumu. Ntchito za mfumu anazigawira mapepala. Za malire a malo zili ku khonsolo, milandu ili kukhoti, ndipo m'madera ambiri muli bungwe la eni nyumba limene lingakulipiritse chindapusa chifukwa cha udzu wotalika pakhomo pako, kapena chifukwa choyanika zovala poonekera. Sukulu za boma zimayendera kwambiri msonkho wa nyumba za m'deralo, ndiye dera la nyumba zodula limakhala ndi sukulu yabwino, la nyumba zotchipa sukulu yovutika. Apa khungu limalowanso. M'zaka za m'ma 1930 bungwe la boma linajambula mapu a mizinda n'kupaka utoto wofiira madera a anthu akuda, kutanthauza kuti kumeneko n'koopsa kubwereketsako ndalama zogulira nyumba. Tsankho la nyumba linaletsedwa mu 1968, koma mizere ya mapu aja ikuonekabe lero: msewu umodzi umatha kulekanitsa madera awiri osiyana ngati Area 10 ndi Mtandire. Mlongo wanu posankha nyumba ya lendi amakhala akusankhanso sukulu, anzake a mwana, ndi kalankhulidwe kamene mwanayo adzatengere.

Chimene chinandivuta ine kwambiri si chimenecho. Ndinakhala chaka chathunthu m'nyumba ina osadziwa dzina la woyandikana naye khomo. Tinkamwetulirana pamakwerero, basi. Tsiku lina ndinaona anthu akutulutsa mipando, n'kumva kuti mkazi wake anamwalira milungu iwiri yapitayo. Panalibe kulira, panalibe moto panja, panalibe wobwera kudzagona pasiwa. Ndinachita manyazi ngati ndalakwira mudzi wonse, chonsecho iye sankayembekezera chilichonse kwa ine.

Si kuti anthuwa ndi ouma mtima. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu mudzi umabadwiramo, pamene kumeneko mudzi umachita kulowa, ngati mmene umalowera kwaya. Ulembetse, ufike pa nthawi yake, usonkhe. Akakhala m'gulu lawo amagwira ntchito modabwitsa: m'matauni ang'onoang'ono ambiri ozimitsa moto ndi anthu ongodzipereka osalandira kanthu, makolo amasinthana kuphunzitsa ana mpira, ndipo wina akadwala a mumpingo amalemberana masiku oti aziperekera chakudya kunyumba kwake. Koma ukapanda kulowa paliponse, palibe amene adzabwere kudzakufuna. Mudzi waukulu kwambiri ndi tchalitchi, ndipo nachonso chimatsata khungu. Martin Luther King ankadandaula kuti nthawi ya mapemphero Lamulungu m'mawa ndi imene dzikolo limagawikana kwambiri.

Obwera kumene amamanga midzi yawo mwa njira yomweyo. Chipereganyu chathu chili konsekonse ndi mayina ena: a ku Mexico amati tanda, a ku Korea amati kye, a ku West Africa ndi kuzilumba za Caribbean amati susu. Ambiri anatsekulira masitolo ndi ndalama zoterezi. Kwa a kwathu mudzi umaonekera pa zinthu zitatu: phwando la 6 July, ukwati, ndi maliro. Munthu akamwalira, uthenga umayenda pa WhatsApp usiku womwewo, anthu amasonkhana m'nyumba ya ofedwa kapena m'chipinda cha pansi pa tchalitchi, amayi amakonza nsima ya ufa wogula m'sitolo ya a ku Mexico, nyimbo za m'buku zimayamba, ndipo wina amakhala pakona ndi kope kulemba chipepeso, poti kutumiza thupi kumudzi pandege kumadya madola masauzande ambiri. Ena amafika atavala yunifolomu, akuchokera ku shifiti ya usiku yosamalira okalamba, n'kukhalako ola limodzi lokha asanapite ku ntchito yachiwiri. Pamenepo palibe amene amafunsa ngati womwalirayo anali Mtumbuka, Mlomwe kapena Myao. Kunja kuja mitundu yathu imafupika, onse amangokhala Amalawi, ndipo pena amangokhala anthu a ku Africa pamodzi ndi a ku Zambia ndi a ku Zimbabwe. Ichi n'chifukwa china chimene mnyamata wanu sanatchulire Uchewa: ngakhale pakati pa a kwawo salimva kawirikawiri funsolo.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani kuti musachite, ngakhale ndikudziwa kuti makolo ambiri a ku Africa kumeneko amachichita. Amauza ana awo kuti, "Iwe si Black, ndiwe wa ku Africa, usamayende ndi amenewo." Amatero pofuna kuteteza mwana, komanso, tinene zoona, chifukwa anameza nkhani zonyoza anthu akuda zimene anazipeza kumeneko, n'kuiwala kuti khomo limene analowera anatsekula ndi anthu omwewo. Nawonso akuda a komweko ena amanyoza obwera, kuseka kalankhulidwe kawo ndi fungo la ndiwo zawo; ana athu ambiri analirapo kusukulu. Koma kuuza mwana kuti si wakuda n'kumutumiza kutchire wopanda nsapato. Mu February 1999 apolisi anayi ku Bronx ku New York anawombera zipolopolo 41 mnyamata wa ku Guinea, Amadou Diallo, ali pakhomo la nyumba imene ankakhala, m'manja muli kachikwama ka ndalama. Sanayambe amufunsa kuti kwanu n'kuti. Mabanja a anthu akuda amakhazika pansi mwana wamwamuna wa msinkhu wa mnyamata wanuyu n'kumulangiza zochita akaimitsidwa ndi wapolisi: manja aoneke, usathamange, usapise m'thumba usananene. Ndi chinamwali chawo. Mlongo wanu mwina anachita kale zimenezi, ndipo ngati mwanayo wadziwa kuti ndi Black, ndiye kuti malangizowo anamveka.

Chimene chili pangozi yeniyeni ndi chilankhulo. Zimachitika pafupifupi kwa mtundu uliwonse wobwera, kaya Ataliyana kaya a ku Korea: makolo amalankhula cha kwawo, ana amamva koma amayankha m'Chingerezi, adzukulu amangotsala ndi mayina a zakudya. A Chisipanishi amalimbako chifukwa alipo oposa 60 miliyoni a mtundu wa Hispanic, ali ndi mawayilesi ndi ma TV awo, komabe nawonso adzukulu ambiri chimawathawa. Nanji Chichewa, chimene mwana amachimva kwa mayi ake okha, atatopa, madzulo.

Malo a Uchewa pafomu paja alipo tsopano. Pa kalembera wa 2020, pansi pa kabokosi ka Black anaikapo mzere woti munthu alembe kumene anachokera, ndipo zitsanzo zake zinali monga Nigerian, Jamaican, Ethiopian, Haitian ndi Somali. Mnyamata wanu angathe kuchonga Black n'kulemba Malawian kapena Chewa pamzerepo, zonse ziwiri n'kukhala zoona. Kabokosi adzachongeredwa ndi dziko kaya afune kaya asafune. Za pamzerepo zidzachokera kwa inu, poti sukulu sidzamuuza, anzake sadzamuuza, ndipo mayi ake nthawi alibe.

Ndiye mukamuimbira foni musayambe ndi kumufunsa mayeso a mtundu, angachite manyazi n'kuyamba kukuthawani. Muitaneni ndi mfunda wake, mpaka adzafunse yekha tanthauzo lake. Mutumizireni mawu pa WhatsApp m'Chichewa, afupiafupi, ngakhale ayankhe m'Chingerezi. Agogo akadali moyo, ajambuleni akutchula mayina a makolo ndi midzi imene anadutsa, mumutumizire. Sukulu za kumeneko zimatseka kuyambira June mpaka August, nthawi yomwe kuno anthu akolola ndipo gule ali pabwalo. Akadzabweranso, asadzathere masiku onse kunyanja ndi m'tauni. Mudzapite naye ku Chongoni, pafupi ndi kwanu komweko, akaone zojambula za m'mapanga, kenako mudzamuonetse malire a munda wa amayi ake, mudzamuuze kuti mtengo uwu anadzala ndani.